Nyumba Imasunga Utsi wa Fodya: Funso Limene Ogula ku Kamushanga Amaiwala

Munthu akapita kukaona nyumba yogulitsa ku Kamushanga, limodzi mwa makomboni a tauni ya Kabwe, sachita kuuzidwa zoyang'ana. Amayamba ndi mapepala, chifukwa nkhani za puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri wazimva kambirimbiri. Amafunsa ngati nyumbayo ndi ya masiye, ndiponso ngati abale onse agwirizana kuti igulitsidwe. Akatero amazungulira kuseri kukaona pothera malire, amakweza maso kumalata kufunafuna timabowo ta dzimbiri, amagogoda khoma kuti amve ngati pulasitala wagwira, amafunsa za madzi, za mita ya magetsi ya ZESCO, za chimbudzi, za kumene madzi a mvula amalowera mu Januwale. Mafunso onsewa ndi anzeru, ndipo lililonse linabadwa chifukwa wina anapsapo kale. Koma pali funso limodzi limene kawirikawiri silituluka pakamwa, ngakhale mphuno itanena kale pakhomo pomwe: kodi m'nyumba muno munkasutidwa fodya, ndipo kwa zaka zingati?

Chipinda chimene wosuta wagonamo zaka khumi chimadziwika. Katundu yense akatulutsidwa, pakhoma pamatsala kamalo koyera ka makona anayi pamene panali kalendala kapena chithunzi cha ukwati, koma khoma lonse lozungulira kamaloko limakhala lachikasu ngati nsalu yothiridwa tiyi. Swichi ya magetsi imamata chala. Pamwamba pa chitseko pamakhala fumbi lonata, loti ngakhale ulipemerere silichoka. Mawindo akatsekedwa usiku umodzi wokha, m'mawa fungo limakulandira ngati wosutayo wangotuluka kumene. Wogulitsa amati, "Ndi kafungo chabe aka, mukatsegula mawindo sabata imodzi katha." Wogula, amene wasunga ndalama zaka zambiri ndipo akuopa kuti wina amulanda mwayi, amangogwedeza mutu. Mfundo yanga ndi yakuti chimene chatsala m'makomamo ndi chilema cha nyumba, chimodzimodzi denga lodontha kapena maziko ong'aluka. Chili ndi mtengo wake, ndipo mmene zinthu zikuyendera pano, mtengowo amalipira munthu amene sanasutepo ndudu ndi imodzi yomwe.

Tiyambe ndi utsiwo. Mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000 osiyanasiyana, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Utsi ukasiya kuoneka ndi maso, ambiri timaganiza kuti watuluka panja. Wina umatulukadi, koma wambiri umatera pa chilichonse chimene wapeza. Chikonga, chimene chimachititsa kuti wosuta asathe kusiya, ndi chomata kwambiri. Chimakakamira pa penti, chimalowa m'matabwa a zitseko, m'makatani, m'matiresi, m'mabolodi a siling'i, ndipo chimasakanikirana ndi fumbi la pansi. Phula la fodya ndi limene limapaka makoma chikasu chija. Zinthu zimenezi sizingokhala phee pamene zatera. Kukatentha kapena kukachita chinyezi, zina zimabwerera mumpweya pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake nyumba imene inkaoneka ngati yasiya kununkha mu Ogasiti imayambiranso kununkha mvula ikagwa. Madokotala anayamba kukambirana kwambiri za zotsalira za utsizi m'chaka cha 2009, dokotala wa ana Jonathan Winickoff wa ku Boston ndi anzake atalemba za vutoli m'magazini ya zachipatala ya Pediatrics.

Umboni umene umakhudza kwambiri wogula nyumba unachokera ku San Diego State University, ku America, m'chaka cha 2011. Gulu la Georg Matt linayeza nyumba za anthu osuta asanasamuke, kenako linabwereranso anthu osasuta atalowa m'nyumba zomwezo. Nyumbazo zinali zitakhala zopanda anthu pafupifupi miyezi iwiri, zinali zitatsukidwa, ndipo zambiri zinali zitapakidwanso penti. Komabe chikonga chinapezeka m'fumbi ndi pamakoma, chinapezeka pa zala za alendi atsopanowo, ndipo zizindikiro zake zinapezeka m'mikodzo yawo. Anthu amene sanagwirepo ndudu ananyamula fodya wa munthu wosamudziwa m'matupi awo. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 2010, akatswiri a ku Lawrence Berkeley National Laboratory anaonetsa kuti chikonga chokakamira pakhoma chikakumana ndi mpweya wina umene umatuluka zinthu zikamayaka, monga pa chitofu cha gasi, chimasanduka mankhwala a gulu la nitrosamine, amene ena mwa iwo amayambitsa khansa. Ndiye kuti khoma limatha kupanga poizoni watsopano wosutayo atachoka kale. Ndinene mosabisa kuti kafukufuku wa zotsalirazi ndi wamng'ono poyerekeza ndi wa utsi wopuma mwachindunji. Zambiri zokhudza mmene zimawonongera thupi zachokera ku mayeso a mbewa ndi maselo a m'labotale. Koma zoti zilipo, zimakhalitsa, ndipo zimalowa m'thupi la munthu, zinayezedwa ndipo sizikayikitsa.

Amene amalandira gawo lalikulu ndi mwana wokwawa. Munthu wamkulu amakhala pampando, amasamba m'manja, amatuluka m'mawa n'kubwera madzulo. Khanda limatha tsiku lonse pansi, limagwira khoma pophunzira kuimirira, limanyambita chala, limatola chilichonse n'kuika m'kamwa, ndipo limapuma mofulumira kuposa wamkulu. Kwa anthu a ku Kabwe chiganizo chimenechi si chachilendo, chifukwa ndi njira yomweyo imene mtovu umalowera m'magazi a ana awo. Mgodi wa Broken Hill, umene miyala yake inapezeka mu 1902, unakumbidwa ndi kusungunula mtovu ndi zinki kwa zaka pafupifupi 90 mpaka unatsekedwa mu 1994. Papita zaka zoposa 30 chitsekedwereni, koma fumbi lake likadali m'mabwalo ndi m'nyumba za ku Kasanda, Makululu, Chowa ndi madera ena oyandikana ndi mgodiwo. Lipoti la Human Rights Watch la 2019 linanena kuti anthu oposa 76,000 amakhala m'makomboni oipitsidwa ndi mtovu. Mu 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe motsutsana ndi kampani ya Anglo American South Africa, imene imakana kuti ili ndi mlandu. Tauni ino inaphunzira movutikira kuti ntchito imatha, eni ake n'kuchoka, koma zimene anasiya m'fumbi n'kumadwalitsa ana obadwa pambuyo pake.

Sindikunena kuti ndudu za munthu mmodzi zikufanana ndi phiri la zinyalala za mgodi. Kutero kungakhale kupeputsa tsoka lalikulu la Kabwe. Chimene ndikunena n'chakuti nzeru imene anthu a kuno ali nayo kale pa mtovu ndi yomweyo imene ikufunika pa fodya: chinthu chosaoneka ndi maso chikhoza kukhala m'nyumba, ndipo kusesa ndi tsache louma kumangochiwulutsa. Palinso kulumikizana kwina kumene ambiri sadziwa. Fodya akamakula amayamwa zitsulo za m'nthaka, ndipo mu utsi wake mumapezeka mtovu ndi kadimiyamu. Kafukufuku wa ku America anapeza kuti ana okhala ndi anthu osuta amakonda kukhala ndi mtovu wambiri m'magazi kuposa ana a m'nyumba zosasutidwa. Bungwe la World Health Organization limati palibe mlingo wa mtovu umene tinganene kuti ndi wabwinobwino kwa mwana. M'tauni imene ana ambiri anyamula kale katundu wolemera chotere, kuwonjezerapo ngakhale pang'ono kuchokera m'chipinda chogona n'kosafunika, makamaka popeza gwero limeneli, mosiyana ndi mgodi, banja likhoza kulitseka lokha lero lomwe.

Nanga pa ndalama? Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri chinachokera ku Ontario, m'dziko la Canada, kumene mu 2013 anafunsa ma ajenti ogulitsa nyumba pafupifupi 400. Ena mwa iwo anati kusutira m'nyumba kukhoza kutsitsa mtengo wake ndi 29 peresenti. Chiwerengero chimenechi tisachinyamule pamutu. Anali maganizo a ma ajenti, sanali mitengo yeniyeni ya nyumba zogulitsidwa, ndipo amene analipira kafukufukuyo ndi kampani ya Pfizer, imene inkagulitsa mankhwala othandiza kusiya fodya. Ku Kamushanga sitikufunika chiwerengero cha ku Canada kuti tione kutayika kwa ndalama. Tingofunsa wopenta aliyense. Penti wa PVA, amene ambiri timagula chifukwa ndi wotsika mtengo, ndi wosungunula ndi madzi, ndipo chikonga nachonso chimasungunuka m'madzi. Ukapaka PVA pakhoma la wosuta osalitsuka, pakapita masabata ochepa mawanga achikasu amatulukira pamwamba pa penti watsopanoyo, ndipo ukapakanso amatulukiranso. Ntchito yolongosoka imafuna kutsuka khoma lonse ndi sopo wamphamvu, mwina kawiri kapena katatu, kulisiya liume, kupaka andakoti yotseka ya mafuta, kenako penti. Ngati muli siling'i ya mabolodi ofewa, nthawi zambiri imafunika kuchotsedwa, chifukwa imamwa utsi ngati siponji. Werengerani zitini za penti, mabolodi, misomali, malipiro a mmisiri, ndi lendi ya mwezi wina kumene banja likukhala podikira kuti ntchito ithe. Ndalama imeneyo ndi gawo la mtengo wa nyumbayo, ngakhale silinalembedwe pa pepala la mgwirizano.

Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya kumayiko ozizira, kumene nyumba zimakhala zotsekeka ngati botolo, zoyalidwa makapeti kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda. Zathu kuno ndi za simenti pansi, zili ndi timabowo ta mpweya pamwamba pa mawindo, ndipo chitseko chimakhala chotsegula tsiku lonse. Mfundo imeneyi ili ndi choonadi chake, ndipo ndikuivomera theka. Simenti yosalala yopakidwa polishi imatsukika bwino kuposa kapeti. Koma taganizirani nyumba zenizeni za m'komboni. Zambiri zili ndi makoma a mabuloko kapena njerwa opanda pulasitala, kapena opakidwa pulasitala wokhakhala wosapentedwa, ndipo khoma lotere lili ndi timaenje tosawerengeka tobisalamo utsi. Timabowo ta mpweya tija anthu amatitseka ndi mapepala kapena nsanza poopa udzudzu, fumbi ndi mphepo. Kabwe ili pamtunda wokwera, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwenikweni. Palibe amene amagona ndi windo lotsegula, ndipo wosuta nayenso safuna kutuluka panja pakati pa usiku. Zipinda ndi zazing'ono, anthu ndi ambiri. Ndudu khumi zosutidwa m'chipinda cha mamita atatu mbali zonse zimasiya zambiri pa khoma lililonse kuposa ndudu zomwezo m'nyumba yaikulu ya ku mayadi.

Ndiye pali midadada, imene ndi chuma chenicheni cha makomboni athu. Anthu ambiri ogula ku Kamushanga sakugula pogona pokha. Akugula mzere wa zipinda zoti azilandira lendi mwezi ndi mwezi, penshoni yawo ya ukalamba. M'midadada yambiri mulibe siling'i, ndipo khoma logawa zipinda silifika kumalata. Mawu amadutsa pamwamba, kuwala kwa babu kumadutsa, ndipo utsi umadutsanso. Mnyamata wa chipinda chachitatu akayatsa ndudu yake usiku, khanda la chipinda chachinayi limapuma nawo. Pamenepa sitikukambanso za zotsalira zokha, tikukamba za utsi weniweni, umene kuopsa kwake kunatsimikizika kalekale: chibayo ndi chifuwa kwa ana aang'ono, mphumu yobwerezabwereza, matenda a m'makutu, imfa yadzidzidzi ya makanda ali m'tulo, ndi matenda a mtima ndi khansa ya m'mapapo kwa akuluakulu. Lipoti la mkulu wa zaumoyo m'boma la America la 2006 linanena momveka kuti kutsegula mawindo kapena kugawa zipinda sikuteteza osasuta mokwanira. Wogula mdadada wotere amalandira mikangano ya alendi pamodzi ndi makiyi. Mayi wa mwana wa mphumu akatopa amasamuka, chipinda chimakhala mwezi chopanda munthu, ndipo mwezi umenewo ndi ndalama yotayika.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi cha kusowa kwa nyumba. Chiwerengero cha anthu cha 2022 chinapeza anthu pafupifupi 300,000 m'boma la Kabwe, pamene mu 2010 anali ongopitirira 200,000 pang'ono. Dziko lonse la Zambia limanenedwa kuti likuperewera nyumba pafupifupi 1.5 miliyoni. Pamene anthu khumi akulimbirana nyumba imodzi, ndani angataye mwayi chifukwa cha fungo? Komanso ambiri ogula m'komboni amagula malo, nyumbayo n'kudzaigwetsa kapena kuiwonjezera pang'onopang'ono. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake fodya satsitsa mitengo kuno mmene ma ajenti a ku Ontario aja ananenera. Koma taonani tanthauzo lake. Ngati msika sukuwerengera chilemacho, sikuti chilemacho chachoka. Changosamukira kwa amene alibe mphamvu yokana. Amene ali ndi ndalama yokwanira, mphunzitsi, namwino, wantchito wa ku Zambia Railways wopuma ndi ndalama zake m'manja, akamva fungo amapita kukaona nyumba ina. Amene amatsala ndi nyumba yonunkhayo ndi banja limene ndalama yake yathera pa kugula, lopanda yotsala yogulira penti, limene lidzalowa sabata yomweyo ndi ana atatu n'kuyala mphasa pansi. Wogulitsa nayenso amataya, ngakhale sazindikira: ogula amene akanalipira bwino ndi amene amachoka mwakachetechete, osanena chifukwa, popeza mwa chikhalidwe chathu n'kovuta kuuza munthu wamkulu kuti nyumba yake ikununkha.

Ena amati, bwanji kulimbana ndi ndudu pamene mbaula ikuyaka m'nyumba momwemo? Funso limeneli ndi lachilungamo. Makala, amene kuno amati malasha, ndiwo amaphikira mabanja ambiri a m'komboni, makamaka magetsi akamazimazima monga zinachitikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Mbaula yolowetsedwa m'chipinda chotseka m'nyengo yozizira imapha anthu usiku umodzi wokha ndi mpweya wosanunkha, ndipo mwaye wa nkhuni umadetsa makoma kuposa fodya. Palibe munthu wanzeru amene angatsutse zimenezi. Koma banja limaphika chifukwa liyenera kudya, ndipo kusiya makala kumafuna ndalama ya gasi kapena magetsi odalirika, zimene ambiri alibe. Kutuluka panja kukasuta sikufuna ngwee ndi imodzi yomwe. Pa zinthu zonse zoipitsa mpweya wa m'nyumba ya ku Kabwe, fumbi la mgodi, utsi wa mbaula, utsi wa zinyalala zootchedwa kuseri, fodya ndi amene ali wosavuta kuchotsa. Kunena kuti tisiye chaching'ono chifukwa chachikulu chilipo kuli ngati kusiya kutseka bowo limodzi la denga chifukwa pali ena awiri.

Chotsutsa china chimachokera mumtima: nyumba ndi yanga, ndinamanga ndi thukuta langa, ndani andiuze chochita m'chipinda changa? Mawu amenewa ali ndi mizu yake m'mbiri. Makolo ambiri a ku Kabwe anakhala zaka zambiri m'nyumba za mgodi, za njanji ndi za khonsolo, mmene mwini wake anali wina ndipo malamulo ankachokera ku ofesi. Boma la Frederick Chiluba litayamba kugulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo mu 1996, ndiponso anthu atadzimangira okha m'makomboni, kukhala ndi khomo lakolako kunasanduka ulemu waukulu. Lamulo nalonso limalekera pakhomo. Zambia inalowa m'pangano la dziko lonse lochepetsa fodya mu 2008, ndipo chaka chomwecho lamulo la Statutory Instrument No. 39 linaletsa kusuta m'malo opezeka anthu ambiri. Za m'nyumba ya munthu silinena kanthu. Ine sindikupempha kuti apolisi azilowa m'zipinda zogona. Sindikunenanso kuti wosuta ndi munthu woipa. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2017 anapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi alionse ku Zambia amasuta, pamene akazi ndi awiri okha pa 100 alionse. Amuna amenewa ndi atate athu, amalume athu, amisiri amene anamanga nyumba zomwezi. Ambiri anayamba ali anyamata ndi ndudu imodzi yogula pa kantemba, ndipo ambiri ayesapo kusiya n'kulephera. Koma ziwerengero zomwezo zikuonetsa kuti m'nyumba zambiri wosuta ndi mmodzi, opuma utsi ndi mkazi ndi ana. Ndipo ufulu wa mwini nyumba umatha tsiku limene waika nyumbayo pamsika. Kuyambira tsiku limenelo makoma aja akupita kwa mwana wa munthu wina, ndipo akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kuchuluka kwa vutoli m'dziko kumadziwika. Lipoti la 2019 limene Unduna wa Zaumoyo unakonza pamodzi ndi mabungwe a United Nations linapeza kuti fodya amapha anthu oposa 7,000 chaka chilichonse ku Zambia, ndipo amawonongetsa chuma cha dziko pafupifupi K2.8 biliyoni pachaka. M'masamu amenewo munawerengedwa ndalama za chipatala ndi masiku a ntchito otayika. Zitini za penti ndi siling'i zochotsedwa sizinalowemo.

Kodi lamulo limati chiyani kwa wogula? Malamulo a Zambia okhudza kugulitsana malo ndi nyumba anachokera ku England, ndipo mfundo yake yakale ndi yakuti wogula aziyang'ana yekha mmene nyumba ilili asanalipire. Mapepala onse amene timavutikira, kaya ndi chikalata cha umwini cha zaka 99 chochokera ku Unduna wa Zamalo, kaya ndi chilolezo chokhala pamalo cha zaka 30 chimene makhonsolo amapereka m'makomboni ovomerezeka, kaya ndi msonkho wa ZRA wolipira posinthana umwini, amayankha funso limodzi lokha: malowa ndi a ndani? Za mpweya umene mwana adzapume m'nyumbamo palibe pepala limene limafunsa. Kumayiko ena zayamba kusintha. Kuyambira mu Julayi 2018, boma la America linaletsa kusutira m'nyumba zonse za boma zobwereketsa kwa anthu osauka, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali ndalama zambiri zokonzera chipinda wosuta akasamuka. Mu 2025 dera la California linakhazikitsa lamulo lokakamiza wogulitsa nyumba kuulula ngati akudziwa kuti munkasutidwa fodya. Ku Kamushanga sitingadikire lamulo lotere, ndipo mwina silingagwire ntchito pamene malonda ambiri amachitikira pansi pa mtengo wa mango, pakati pa mabanja awiri, ndi mboni zochokera ku tchalitchi kapena kwa atcheyamani a dera. Koma mwambo womwewo uli ndi mphamvu imene lamulo la ku California lilibe. Wogulitsa ndi wogula amadziwana, kapena amadziwa anthu ofanana. Mawu onenedwa pamaso pa mboni amalemera.

Choncho chimene ndikupempha n'chochepa. Pa kalata ya mgwirizano ija, imene imalembedwa kale ndi dzanja kapena kutayipidwa ku tauni, yonena mtengo, malire ndi masiku olipira, pawonjezedwe mzere umodzi wonena ngati m'nyumbamo munkasutidwa fodya, ndi amene adzalipire kutsuka ndi kupenta. Funsolo likhoza kufunsidwa mwaulemu, mmene timafunsira za denga: "Bambo, pepani kufunsa, tili ndi ana aang'ono. Kodi m'nyumba muno munkakhala munthu wosuta?" Wogulitsa woona mtima sataya kanthu poyankha, "Inde mayi, malemu achimwene ankasutira m'chipinda chakumapetocho, ndiye tichotsepo ya penti." Amene amataya ndi wobisa, chifukwa mvula yoyamba idzaulula, ndipo m'komboni mbiri ya munthu imayenda msanga kuposa basi. Ma ajenti, kaya ndi olembetsedwa ku Zambia Institute of Estate Agents kapena anyamata olemba nambala za foni pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu, angadzipangire dzina labwino pofunsa funsoli m'malo mwa makasitomala awo. Alandilodi a midadada ali ndi njira yosavuta koposa onse: kunena tsiku loyamba, asanapereke kiyi, kuti wosuta azisutira panja, kutali ndi zitseko ndi mawindo a anzake, ndi kuika benchi pansi pa mtengo kuti lamulolo lisamveke ngati chipongwe. Lamulo lonenedwa poyamba silikhumudwitsa ngati lonenedwa mkangano utabuka kale.

Inde, ena adzanama, ndipo ena adzathamangira kupaka penti dzulo lake kuti nyumba iwale, chikomekome cha mkuyu. N'chifukwa chake wogula ayenera kudzionera yekha, ndipo njira zake sizifuna labotale. Nyumba imene yangopakidwa penti kumene, mawindo onse ali otsegula ndipo mwafukizidwa zonunkhiritsa, iyenera kuonedwanso kachiwiri. Pemphani kuti itsekedwe usiku wonse, mubwere m'mawa kwambiri, makamaka tsiku lotsatira mvula, ndipo muyambe mwalowetsa munthu wosasuta, chifukwa mphuno ya wosuta inazolowera. Tengani kansalu koyera konyowa, mupukute malo amene wopenta wothamanga amaiwala: pamwamba pa chitseko, kuseri kwa swichi, pa zitsulo za mawindo, m'kati mwa wadiropu yomangidwa kukhoma, pa mitanda ya denga. Mwaye wa makala kapena nkhuni umasiya kansaluko kakuda kapena kotuwa. Fodya amasiya chikasu chofiirira, chonata, cha fungo lake losasokonekera. Mukapeza chimenecho, ana asalowe ntchito yotsuka isanathe, ndipo potsuka musapale khoma louma kapena kusesa ndi tsache, chifukwa fumbi lake likhoza kukhala ndi fodya ndi mtovu pamodzi. Nyowetsani, kolopani, tayani madziwo kutali ndi posewerera ana, ndipo makatani, matiresi kapena sofa zimene wogulitsa akufuna kukusiyirani ngati basela, zikaneni mwaulemu.